Dzanja la Anganga Zubaida

Poyamba ndinene kuti ine anganga Zubaida sindiwakonda, ndipo iwonso sandikonda. Si agogo anga ayi. Ndi a nyumba yoyandikana nafe, timasiyana ndi mpanda wa nsungwi womwe mbuzi inaboola kalekale. Iwo amanditchula kuti Wailesi. "Wailesi, zima!" Pamaso pa anthu, ngakhale pamaliro. Ndi iwo anauza amayi kuti anandiona pa njinga yamoto ya mnyamata kumsika, pomwe mnyamatayo anali msuweni wanga ndipo ndinali nditafukata kabichi. Ndinakwapulidwa chifukwa cha kabichi ameneyo. Dzina langa ndine Sumaia, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Shikola ndinalekezera kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi, koma kulemba ndimalemba, ndipo nkhaniyi ndikuilemba ndekha chifukwa pampopi aliyense akuifotokoza mmene akufunira, ena mpaka akundichotsamo.

Zinayamba mwezi wa Juni, nyengo ija kuzizira kwa Lichinga kumalowa mpaka m'mano. Pa kachipatala ka m'bairo mwathu, m'dera lathu lino, panabwera anyamata ndi atsikana asanu ndi mmodzi ovala makhoti oyera. Sanali madokotala ochiza. Anali atamaliza univesidade, ndiye ankaphunzitsidwa ntchito yofufuza za ukalamba: chimene chimachitika m'thupi kuti munthu akwinyike, aziiwala, mawondo azikana, komanso chifukwa chake wina amatheratu msanga pomwe mnzake wobadwa naye chaka chimodzi akulimabe. Mphunzitsi wawo anali a Dotora Guilhermina, amayi afupi, a magalasi, osaseka. Analengeza kuti nkhalamba zonse zofuna zipite zikayezedwe.

Anganga amakhala ndi mwana wawo a Salumu ndi mpongozi wawo a Bahati. A Salumu amagulitsa nsomba zouma kumsika, ndipo ndi munthu woti ukamufunsa ngati kunja kukugwa mvula amayamba wayang'ana mkazi wake. A Bahati anali atasiya kutuluka pakhomo chimwalirire mwana wawo Umaru chaka chatha. Umaru ankayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, mnyamata wa zifuwa, woti thumba la chimanga ankalikweza yekha. Anadwala miyezi isanu, kuonda, kuonda, mpaka kapu ya madzi imamugwa m'manja. Ndiye panalibe woperekeza anganga kuchipatala, amayi anga n'kundituma ine.

"Usandigwire ngati nkhuku yakuba," anatero anganga tili m'njira.

"Ndiye ndikusiyeni mugwe?"

"Ndikagwa ndigwera iwe, Wailesi. Mwina ungazime."

Tinafika Lolemba m'mawa. A Dotora kunalibe, anali atapita ku Chimbonila ndi ophunzira ena kwa sabata yonse. M'chipindamo munali awiri: Emelia, mtsikana wofatsa yemwe ankalemba, ndi Délcio, mnyamata wa ku Beira, wamtali, wa nsapato zosongoka, wonunkhira ngati sitolo ya sopo. Chinyanja chake chinali cha masiku atatu. Anawayendetsa anganga pamzere wojambulidwa pansi akuwerengera nthawi. Anawauza kuti adzuke pampando n'kukhalanso kasanu, iwo anadzuka kawiri n'kunena kuti sali pa gule. Anawabaya chala. Kenako Délcio anatulutsa chitsulo m'bokosi, chonga chogwirira cha ketulo yaikulu, pamwamba pake pali nkhope ngati ya wotchi. Amati chimayeza mphamvu ya dzanja, ndipo mphamvu ya dzanja imaonetsa mmene thupi lonse lakalambira.

"Vovo, finya chonchi," anatero, vovoyo kutanthauza agogo.

"Akuti finya? Ndine mnzake ine?" anganga anandifunsa. "Muuze kuti ndinabereka anthu aakulu kuposa bambo ake."

Délcio sanamve. Anakwinya mkono wa khoti, n'kufinya chitsulocho yekha kuti awaonetse. Koma sankaonetsa anganga, ankaonetsa Emelia. Anafinya mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, maso ali pa mtsikanayo, kenako n'kuwapatsira anganga m'manja. Iwo anafinya atatseka maso, chibwano chikunjenjemera. Délcio atayang'ana pawotchipo, pakamwa panatseguka.

"Kwarenta e seyisi!"

Anawauza kuti afinyenso. Chimodzimodzi. Kachitatu. Chimodzimodzi. Emelia analemba 46 katatu papepala, akuyang'ana chala cha anganga chomwe chili ngati kamtengo kotolera moto. Délcio ankavinavina m'chipindamo. Akuti nkhalamba za msinkhu wawo zimafika 12, mwina 15. Akuti izi sanazionepo m'buku lililonse. Anandigwira paphewa n'kunena pang'onopang'ono kuti ndimve bwino: "Iyi mphamvu ya mnyamata. Mnyamata wa vinte e sinku!" Ndiye kuti wa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Tsopano mundiuze inuyo, mukanasunga? Ine ndinafika pampopi ndowa isanafike. Sindinaname. Ndinangowonjezera kuti dokotala anatsala pang'ono kugwa pampando, ndi kuti chitsulocho chinalira. Amayi onse anaseka, wina n'kumati ndiye chifukwa chake akakumenya ndi ndodo ululu umatha sabata. Zinali zoseketsa basi. Mpaka a Palmira, ophika kachasu aja a kuseri kwa mzikiti, anaimitsa ndowa yawo n'kufunsa mofatsa:

"Wati mnyamata wa zaka zingati?"

"Vinte e sinku."

"Nanga Umaru anamwalira ali ndi zingati?"

Tonse tinkadziwa kuti anali ndi zomwezo. Madzi anasefukira mu ndowa ya winawake, osatseka mpopi.

Pofika madzulo a tsiku lomwelo nkhani inali itasintha zovala. Sinalinso nkhani ya nkhalamba yolimba. Inali yoti makina a azungu agwira mfiti: mphamvu zomwe zinkatha mwa Umaru miyezi isanu ija zapezeka, zili m'dzanja la agogo ake. Anthu anayamba kukumbukira zinthu. Wina anakumbukira kuti anganga ndi amene ankamusisita Umaru manja akudwala. Wina anakumbukira kuti pamaliro sanalire mokweza. Ine ndinakumbukira kuti tsiku lomwelo anandiuza kuti ndizime, ndipo ndinanenanso zimenezo, sindibisa.

Choipa n'chakuti anganga eniake anaikonda nambala ija. Lachiwiri anakhala pakhonde padzuwa, aliyense wodutsa kumuitana. "Mwamva? Kwarenta e seyisi. Ine ndinkasenza dengu la usipa kuchokera ku Meponda wapansi, phiri lonselo, mwana ali kumbuyo. Inu a masiku ano mukakwera kabasi ka chapa mumati mwatopa." Anthu ankangogwedeza mutu n'kufulumira. Iwo ankaona ngati ndi ulemu.

Lachitatu a Bahati anatuluka. Ndinaonera pabowo la mbuzi lija. Anatulutsa mphasa ya anganga, bulangete, ndi kabokosi kawo ka fodya wapamphuno, n'kuziponya pabwalo.

"Bwezani mwana wanga!"

"Wapenga iwe? Tola zinthu zangazo."

"Ndinkakusambitsani, ndinkakuphikirani phala, kumati amayi ndi ofooka. Kodi munkandiseka mumtima? Mwana wanga akulephera kugwira supuni, inu mukumusisita, kumukama!"

"Salumu! Bwera udzamve galu unamubweretsa pakhomo panga!"

A Salumu anabwera, n'kuima pakati, n'kuyang'ana nsapato zawo. Usiku umenewo anganga anagona m'kakhitchini ka kuseri, komwe kalibe chitseko. Mawa lake ana a m'bairo anayamba kuponya miyala padenga lake. Ndipo amayi anga anabwera ndi nkhani yoti a Salumu avomera: Loweruka m'mawa anganga apititsidwa ku Chimbonila, ku kachisakasa ka kumunda kwawo, akakhale okha kumeneko. Kachisakasako ndimakadziwa. Mphepo imalowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, madzi ali kutali, nyumba yapafupi sungaione. Mu Juni. Amayi anangoti, "Sakafika Ogasiti," n'kupitiriza kusankha nyemba. Kenako anandiyang'ana. "Wakondwa?"

Ndinayankha kuti ine sindinapange makinawo.

Lachinayi masana ndinapitanso pabowo, osati chifukwa cha chisoni, ndinkafuna nkhani. Pakhomo panalibe munthu. A Bahati anali atasiya kuwachapira, ndiye anganga ankachapa okha nsalu yawo ya kapulana m'beseni. Atamaliza anayesa kufinya. Anagwira uku ndi uku, kupotokola, nsalu osapotoka. Anaipanira pakati pa mawondo, kuyesanso, manja akungoterereka. Anayesa ndi mano. Mapeto ake anaikokera pachingwe ikuchucha madzi, theka ili m'dothi, iwo n'kukhala pansi akupuma ngati athamanga. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

Ndinadziuza kuti akunamizira. Koma akunamiza ndani, pomwe panalibe wowaona? Ine samadziwa kuti ndili pabowo, akanadziwa akanandiponyera sopo.

Lachisanu ndinapita kuchipatala kuja. Ndinamva kuti a Dotora abwera, ndiye ndinafuna kuona nkhope yawo akamauzidwa za nambala ija. Zenera la chipinda chophunzirira lili ndi galasi losweka, ndipo pansi pake pali njerwa yomwe imandikwana bwino. A Dotora anali ataimika ophunzira onse, chitsulo chija chili m'manja, akukalipira kamnyamata kena komwe anapita nako ku Chimbonila. Ankalankhula Chipwitikizi, koma chokalipa ndimachimva chonse.

"Ndanena kangati? Pano pali timivi tiwiri. Kakuda kamabwerera kokha ukasiya kufinya. Kofiira sikabwerera. Kamaima pamene panafika mphamvu yaikulu, kudikira kuti uwerenge. Ukapanda kukabweza pa zero ndi chala chako, ndiye kuti ukuyeza munthu amene anafinya poyamba, osati amene ali patsogolo pako. Bweza, yang'ana, kenako pereka. Munthu aliyense, ulendo uliwonse!"

Anapotokola kabatani ka pakati, kamuvi kofiira n'kutsika.

Ine njerwa inandithawa kumapazi. Ndinaonanso m'maganizo Délcio wa Lolemba uja akukwinya mkono wa khoti, mitsempha ya m'khosi, maso pa Emelia, chitsulo kuchoka m'dzanja lake kupita m'dzanja la anganga. Chala chake sichinakhudze kabatani kalikonse. Ndinali pomwepo, ndipo ine zinthu zoona ndi maso sindiiwala, funsani aliyense. Mnyamata wa vinte e sinku analipodi m'chipinda chija, wa nsapato zosongoka.

Ndinamudikira Délcio kuseri, pa thanki ya madzi. Atatuluka nkhope yake inali yotuwa, ndiye ndinadziwa kuti nayenso wakumbukira.

"A Délcio, simunabweze kofiira kaja."

"Iwe ndani?"

"Mukundidziwa. Munandigwira paphewa. Nambala ija ndi yanu."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anasiya Chinyanja chake chija n'kuyamba Chipwitikizi chothamanga. Akuti ndine mwana wosaphunzira, sindingadziwe za makina. Akuti Lolemba akaima pamaso pa akuluakulu a maphunzirowo kufotokoza za nkhalamba yodabwitsa ya ku Lichinga, analemba kale masamba asanu ndi atatu, ndipo awiri okha opambana ndi amene apitirize maphunziro ku Maputo. Akuti ndikangotsegula pakamwa auza mlonda asadzandilolenso pachipatala, ngakhale nditadwala malungo.

"Mawa akuwataya ku Chimbonila," ndinatero. "Akuti ndi mfiti. Akuti anadya mdzukulu wawo."

"Zimenezo ndi za umbuli wanu. Ine sindinanene za ufiti. Ananena ndani kunjako? Ine?"

Apo anandigwira, sindikana. Koma munthu wonunkhira sopo kunditchula mbuli, ayi. Ndinamukankha, n'kulowa m'chipinda chophunzirira osagogoda, ndi masilipasi anga amatope. A Dotora ankadya nthochi. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa mkono wa khoti, mofulumira, ndikusakaniza zilankhulo. Sindinasiye ngakhale za maso a pa Emelia. Emelia anaphimba nkhope ndi kope lake, kenako n'kunena motsitsa kuti n'zoona, iyenso sanaone akubweza.

A Dotora anaika khoko la nthochi patebulo mosamala ngati lingasweke. Anaitanitsa pepala la anganga. Anayang'ana 46, 46, 46.

"Délcio. Unaonapo dzanja la munthu likupereka nambala imodzimodzi katatu? Ngakhale lako? Lachitatu limatopa. Mwala wokha ndi umene sutopa." Délcio anayamba kunena kuti mwina makinawo, iwo n'kukweza chala. "Nambala ikakudabwitsa, woyamba kumukayikira ndi iwe mwini. Iwe unaikonda chifukwa inkakupititsa ku Maputo. Ndiye unaifuulanso pamaso pa mwana wa eni ake, pomwe unasayina kuti zotsatira za munthu ndi chinsinsi."

Ndinayamba kumwetulira. Anatembenukira kwa ine, n'kusintha kulankhula Chinyanja, chabwinobwino, cha kunyanja.

"Iwe ukusekerera chiyani? Uyu anagwetsa khala, iwe n'kulitenga kukaliika padenga la nkhalamba. Pakamwa pakopo pali chitseko?"

"Palibe," ndinatero, chifukwa kunama sindinkafuna. "Koma mukachedwa ndi kundinyoza, mawa anganga akupita ku Chimbonila."

Anati makina satuluka m'chipatala, ndipo zotsatira za munthu sazilengeza pabwalo. Ndinawauza kuti chinsinsi chawocho chili kale pampopi, pamzikiti, ndi kwa a Palmira a kachasu. Anavula magalasi, n'kufikisa m'maso nthawi yaitali.

Loweruka m'mawa kunali nkhungu. Njinga yamoto ya a Lino, onyamula anthu a m'bairo mwathu, inali itaima kale pakhomo pa a Salumu, mtolo wa anganga utamangidwa kumbuyo ndi mphira. Anthu anali atadzaza kunja kwa mpanda, ena atafunda mabulangete, ngati kuli mpira. Anganga anakhala pa mpando wawo wa ndalema, atamanga duku mwamphamvu, osayang'ana munthu. A Salumu ankawanyengerera kuti akwere.

"Amayi, ndi masiku ochepa chabe, mtima wa anthu uzizire."

"Undinyamule. Paja akuti ndili ndi mphamvu, tiye tione amene agwetse mnzake."

Ndi pomwe a Dotora analowa, Délcio ali pambuyo atanyamula bokosi, nsapato zake zosongoka zitadzaza dothi lofiira. A Dotora sanapereke moni kwa gulu. Anapita kwa anganga, n'kugwada, n'kunena kuti, "Anganga, mwana wanga uyu anakuyezani molakwika. Ndikupempha tikuyezeninso. Tikhoza kulowa m'nyumba awiri, kapena pompano ngati mukufuna inuyo."

"M'nyumba mwake mwa ndani? Ine ndilibe nyumba. Pompano. Aone onse."

A Dotora anamukankhira Délcio kutsogolo kuti afotokoze yekha. Anafotokoza, koma mmene anafotokozera, Mulungu yekha. Mawu aatali a Chipwitikizi, maso pansi, mawu osamveka. Munthu wina kunja kwa mpanda anakuwa kuti, "Kweza, bwana, sitinabwere kudzaona nsapato!" Kenako anabweza kamuvi kofiira pa zero, n'kuonetsa a Salumu, n'kupereka chitsulo kwa anganga. Anafinya ndi mtima wawo wonse, ndinaona, ankafunadi 46 wawo uja. Kamuvi kanakwera pang'ono n'kuima.

"Onze," anatero Délcio. Khumi ndi chimodzi. Kachiwiri khumi. Kachitatu zisanu ndi zinayi.

Ndinkaganiza kuti zatha. A Bahati anaseka kuseka koipa.

"Ndiye mwatipusitsa? Mfiti ingalephere kubisa mphamvu ikaona anthu? Tsiku lija sinadziwe kuti makina aigwira. Lero yakonzeka. A Lino, lizani njinga."

Kunja kwa mpanda anthu anavomereza. "Eee, yabisa!" A Palmira ndi amene ankatsogolera. A Dotora anayamba kufotokoza za timivi tiwiri, koma palibe ankamva, ndipo a Lino anali ataponda kale njinga. Anthu a kwathu kuwafotokozera sikuthandiza, ine ndimawadziwa, ndimakhala nawo pampopi tsiku lililonse. Amafuna kuona wina akuchita manyazi.

Ndinadumphira pabowo la mbuzi, n'kulanda chitsulo m'manja mwa Délcio. Anagwira mwamphamvu, koma ndinamuponda nsapato.

"A Lino, inu mumati ndinu mwamuna. Tafinyani tione."

A Lino sangakane zotere pali akazi. Anazimitsa njinga, kulavulira m'manja, kufinya mpaka kubuula. Kamuvi kofiira kanafika 52, anyamata n'kuimba mluzu. Sindinakhudze kabatani. Ndinapita nacho molunjika kwa a Bahati n'kuwaika m'manja.

"Nanunso finyani, azakhali. Ngati mulibe chobisa."

Anafinya mokwiya, kamodzi, n'kufuna kundiponyera. Ndinachikweza m'mwamba kuti onse aone, n'kufuula ndi mawu anga onse a pampopi:

"Sinkwenta e doyisi! Kuposa anganga! Azakhali, inu ndiye mwadya anyamata angati?"

Anthu anayang'anizana. Kenako ndinapatsa kamwana ka a Palmira ka zaka zinayi, kamene kanalowa pabowo kunditsatira. Kanagwira ndi manja awiri, kamina ali pamlomo. 52. Wina anayamba kuseka kumbuyo, kenako gulu lonse. "A Palmira, mwana wanu ndi mfiti yaikulu!" A Palmira anakoka mwana wawo n'kuchoka akutukwana mtundu wanga wonse.

Mbama ya a Bahati sindinaione ikubwera. Inandipeza pakhutu, mpaka ndinamva belu. Ndinkadikira yachiwiri, koma sinabwere. Anakhala pansi padothi pomwepo, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira kulira kwa pamaliro, kuitana dzina la Umaru. "Ndiye anapita kuti? Mphamvu zake zinapita kuti? Wina andiuze!" Kuseka kunatha. A Dotora anakhala pansi pafupi nawo, ndi diresi lawo labwino, n'kuyamba kuwafunsa motsitsa mawu mmene matenda aja anayambira. Zomwe anakambirana sindinamve, khutu linali likulirabe, ndipo ndimadandaula mpaka lero.

A Salumu anayang'ana mkazi wawo, koma mkazi wawo sankawayang'ana. Kenako anapita pa njinga n'kumasula mphira okha, n'kunyamula mtolo kulowa nawo m'nyumba. M'nyumba yeniyeni, osati m'kakhitchini.

Mukuganiza kuti anganga anandithokoza? Anandiitana ndi chala. Nditayandikira anati:

"Wandivula pamaso pa anthu, Wailesi. Bairo yonse yadziwa kuti ndili ndi onze. Ine amene ndinkakwera phiri la Meponda."

"Mukanakonda ku Chimbonila?"

"Ndikanapita ndi kwarenta e seyisi wanga."

Délcio sanapite ku Maputo. Sanamuchotsenso. A Dotora anamulamula kuti ayezenso nkhalamba zonse makumi awiri ndi zitatu zomwe anayeza sabata ija, khomo ndi khomo, wapansi, ndipo Lolemba lija anaima pamaso pa akuluakulu kufotokoza za kulakwitsa kwake m'malo mwa nkhalamba yodabwitsa. Emelia anandiuza. Akuti tsopano amabweza kamuvi kawiri, n'kuyang'ananso kachitatu. Tikakumana pamsewu amawolokera mbali ina, ine n'kumufunsa mokweza ngati wabweza kofiira.

Sikuti zonse zili bwino. A Bahati amawaphikira anganga, koma amaika mbale pakhomo la chipinda osalankhula. A Palmira akunenabe kuti makina oyamba ndi amene ananena zoona, ndipo alipo awiri atatu omwe amawamvera. Kuchapa kwa anganga kunagwera ine, amayi anati ndicho chilango changa. Ndimapita Lachiwiri ndi Lachisanu, iwo atakhala pa ndalema kundiyang'anira.

"Finya bwino, ukusiya madzi. Manja ngati a nkhuku."

"Anu ndi onze."

Dzana nditanena choncho anandikoka mkono n'kunditsina. Anatsina ndi mphamvu zawo zonse, mano atakukuta. Kunali ngati nyerere yayenda. Ndinayang'ana nkhope yawo, ikudikira. Ndiye ndinakuwa kuti mayo, n'kudumpha, n'kugwira mkono ngati wathyoka.

"Eya," anatero anganga, akukonza duku. "Ukanene pampopi."